Makalata a Omvera: Dzira Lachilendo m'Chisa cha Tchete

Takulandiraninso abale ndi alongo muno mu Joni, ndi inu amene mukutimvera kumudzi kudzera pa intaneti. Mvula yayamba, mbalame zili kalikiliki ndi zisa, ndipo makalata a sabata ino nawonso aloza komweko.

Yoyamba yachokera kwa bambo wina wa ku Mangochi amene amagwira ntchito ya m'gadeni ku Randburg. Akuti: "Achimwene, pakhomo pa abwana anga pali mtengo umene atchete apachikamo zisa. Kawiri tsopano ndapeza dzira losweka pansi pake ndikamasesa masamba. Abwana aakazi akuti ndimagwedeza nthambi, chonsecho sindinakhudzepo. Palinso kambalame kobiriwira konyezimira, kamaso ofiira, kamene atchete amakapitikitsa tsiku lonse. Kodi ndi kameneka kakuswa mazira?"

Bambo, mtima m'malo. Kambalame mwakaonako kuno amakatcha Diederik, dzina lochokera ku kulira kwake, di-di-di-diderik. Kamafika ku Gauteng cha mu Okutobala kuchokera kumpoto, ndipo kamaso ofiirako n'kakamuna. Mbalame imeneyi simanga chisa, sifungatira, sileranso ana. Yaikazi imabisala pafupi n'kumadikira kuti mwini chisa atuluke, kenaka imalowa, kuchotsa dzira limodzi, kuikira lake, n'kuthawa. Zonsezi m'kanthawi koti simungamalize kumanga chingwe cha nsapato.

Komatu tchete si wopusa. Phokoso ndi kupitikitsa mwaonako ndiwo mpanda woyamba. Mpanda wachiwiri, umene ine umandigometsa, uli pa chikamba cha dzira. Atchete aakazi saikira mazira ofanana. Wina ake ndi oyera, wina obiriwira, wina otuwira, ena amathothomathotho, ena osalala bwino, ndipo aliyense amasunga mtundu wakewo, ngati mmene munthu amasainira kubanki. Ndiye akabwerera n'kupeza dzira losiyana ndi ake, amalijompha n'kulitayira kunja. Diederik wamkazi naye amaikira mtundu umodzi wokha, choncho akalowa m'chisa cha mazira osafanana ndi lake, ndiye kuti wataya. Mphepo ya mvula za masana zija imagwetsanso mazira, sindikukana, koma n'kutheka ndithu kuti mwasesa dzira la mlendo limene mwini nyumba wakana. Likagwanso lina, muwaonetse abwanawo, muwauzenso aone kambalame kobiriwirako.

Kuti mudziwe kuti mitunduyi si yokongoletsa chabe: atchete ena a kuno ku Africa anatengedwa kupita ku zilumba za Mauritius ndi Hispaniola zaka zoposa 100 zapitazo. Kumeneko kulibe Diederik. Wofufuza wina, David Lahti, anapeza kuti mazira awo sakusiyananso kwambiri monga a abale awo a kuno. Wakuba atasowa, loko anayamba dzimbiri.

Akuluakulu anati timba sachepa ndi mazira ake. Ku Choma, m'dziko la Zambia, Claire Spottiswoode ndi anzake akhala zaka zambiri akufufuza kambalame kangati timba wathu, kotchedwa prinia. Mazira ake amakhala ofiira, abuluu, oyera kapena obiriwira, okhala ndi timizere topiringizika timene mbalame yokabera chisa imalephera kukopera. Komwekonso anapeza kuti nthengu, uja wakuda wamchira wamphanda wosaopa ngakhale kabawi, amazindikira ndi kutaya mazira achilendo oposa 9 pa 10 alionse.

Kalata yachiwiri ndi ya mayi wa ku Ntcheu amene akukhala ku Rosettenville. "Chaka chatha ku Zoo Lake ndinaona mpheta ikudyetsa mwana wamkulu kuiposa, wosafanana nayo n'komwe. Inkachita kutopa, chifundo chinandigwira. Singaone kuti si wake? Ndikadzaonanso ndimuchotse?"

Mayi, apa ndi pamene nzeru za mbalame zambiri zimathera. Zimayang'anitsitsa dzira, koma likangoswa, basi, kukamwa kulikonse koyasama m'chisamo ndi mwana. Dzira la Diederik limaswa msanga, pa masiku 11 kapena 12, nthawi zambiri eni nyumba asanaswe. Pakapita masiku awiri kapena atatu kamwanako, kali kosaona, kopanda nthenga, kamasenza mazira kapena anapiye enawo kumsana n'kuwakankhira kunja. Chakudya cha banja lonse chimathera m'mimba imodzi. Piet-my-vrou, ija imakusowetsani tulo usiku ndi mawu ake atatu, imachitanso zomwezi m'zisa za mbalame za m'magadeni a kuno.

Zilipo zochepa zimene zinapeza njira. Ku Australia kuli kambalame kotchedwa fairy-wren. Make amaimbira mazira ake akadali osaswa, ndipo ana akaswa amaika kachidutswa ka nyimboyo m'kulira kwawo popempha chakudya. Mlendo saigwira bwino nyimboyo, ndiye makolo amatha kumusiya m'chisamo n'kukamanga china. Ofufuza anafalitsa zimenezi mu 2012.

Zochotsazo ayi, mayi, musiyeni. Pamene mukumuonapo ana a mpheta anapita kale, kumupha sikuwabweza. Ndiponso Diederik amadya mbozi, ngakhale zaubweya zija zimene mbalame zambiri zimazipewa. Bambo a ku Randburg aja angakuuzeni phindu lake pa maluwa.

Yomaliza ndi yaifupi, ya agogo ena a ku Kasungu amene abwera kudzaona zidzukulu ku Yeoville. "Mwanawe, kwathu ndinatsata nsadzu kukafula uchi kuyambira ubwana, koma chisa chake sindinachionepo. Amamanga kuti?"

Agogo, maso anu alibe vuto, chisacho kulibe. Nsadzu naye amaikira m'zisa za ena, makamaka mbalame zoswera m'mauna ndi m'mphako, ndipo kawirikawiri amayamba waboola mazira a eni ake. Mwana wake amaswa ali ndi timbedza takuthwa kunsonga kwa mlomo, timene amalumira anapiye anzake mpaka kufa, mumdima mwa una momwemo. Akasinkhuka timbedzato timathothoka, n'kutuluka mbalame yaulemu ija imene munkaisiyira chisa cha njuchi pamtengo pothokoza.