Mawu a m'mawa: malire a nyanja ndi mchenga

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye, a kumudzi ndi anzanga tonse amene tili kuno ku Joni. Lero tiwerenge Yeremiya 5:22 kenako Marko 6:30-44, mukapeza mpata mutsegule nokha muwerenge mofatsa.

Ndikulemba izi ndili ku Durban, 5 koloko yangokwana kumene koma kunja kwayera kale, Disembala kuno dzuwa limalawirira ndipo limachita kutulukira m'madzi mwenimweni. Ife a zomangamanga makampani ambiri amatseka pakati pa Disembala mpaka Januwale, ndiye chaka chino mayi a kunyumba anachita kundikakamiza, akuti inu bambo zaka zonsezi mwakhala mukumangira anthu nyumba, mwana mpaka wayamba sukulu osaonako nyanja yamchere, tiyeni ngakhale masiku atatu okha. Tinakwera basi ku Johannesburg, msewu wa N3, makilomita pafupifupi 570 kudutsa Harrismith ndi Pietermaritzburg, mpaka tafika.

Koma ndinene zoona abale, tsiku loyamba thupi linali pa bichi mtima uli ku Salima. Mukudziwa nokha Disembala kumudzi ndi nthawi yanji, mvula yagwa anthu adzala, chimanga chikufuna fetereza, Januwale fizi ya sukulu ikudikira, ndipo foni siimapuma, uyu voisi noti uyu missed call, achimwene tithandizeni, amalume kuno zinthu zavuta. Ndiye ine ndakhala pa mchenga pa North Beach anthu akusamba, ana akukuwa ndi chimwemwe, ine maso pa foni ndikuwerengera ma Rand, mumtima mukundiuza kuti iwe ukupanga chani kuno anzako akuvutika. Ndinkamva ngati ndaba, ngati kupuma ndi tchimo, ngati ndikangosiya kudandaula ola limodzi lokha ndiye kuti kumudzi zonse zigwa.

Ine ndinakulira m'mbali mwa nyanja yathu, mafunde a mwera ndimawadziwa. Koma nyanja iyi ili ndi khalidwe lake lomwe kwathu sitilidziwa. Kupatula mchere, umene mwana wathu atangolawa anachita tsinya n'kuthamangira kwa mayi ake (amati mu lita imodzi muli mchere pafupifupi magalamu 35), madziwa amakwera n'kutsika kawiri pa tsiku, mwezi kumwambako ndi umene umawakoka. M'mawa tinayala chitenje pouma, mwana n'kuyamba kumanga kanyumba kake ka mchenga kutsogolo kwathu, anakaika mpanda ndi tizigoba pa khomo. Patapita maola angapo tinaona madzi akusendera, funde lililonse likufika pafupi kuposa linzake, kanyumba kaja kananyambitidwa mbali imodzi kenako konse fafa, ife n'kunyamula chitenje kuthawira kumtunda. Mwana anandigwira mkono akuti adadi madziwa afika mpaka ku misewu? Ndinamuuza kuti ayi aima, koma kunena zoona nane ndinkangoyang'ana kuti aimira pati.

Ndipo anaimadi. Anafika pena pake, funde likumenya mwaukali ndi chiphokoso chonse chija kenako likumangofooka, thovu likumira mu mchenga, basi osapitirira. Madzulo pamene amabwerera anasiya mzere wautali wa zinyalala za m'madzi ndi tizigoba, ngati munthu walemba ndi chala kuti malire ndi apa.

Apa ndi pamene Yeremiya 5:22 anandibwerera, pamene Yehova akufunsa anthu ake kuti kodi simundiopa Ine amene ndinaika mchenga ukhale malire a nyanja, mafunde angakokome bwanji sangaudumphe. Vesi iyi ndaimva kambiri koma ndinali ndisanaione ndi maso. Ndinatapa mchenga m'manja ndikuona ukupulumuka pakati pa zala. Ine ndine womanga abale, mchenga ndimaugwira tsiku ndi tsiku, ndikudziwa kuti pawokha sugwira kanthu, umafuna simenti, umafuna miyala ndi zitsulo mkati kuti chipupa chiime. Munthu atandipatsa kontrakiti yotchinga madzi ndi mchenga wokhawokha ndikhoza kukana pompo. Koma Mulungu anatenga chinthu chomwecho chofooka, chimene mwana amafukula ndi manja, n'kuchiika kutsogolo kwa nyanja yoti uko kutsidya siuona mapeto ake, ndipo nyanja imamvera. Ndiye mphamvu siili mu mchenga ayi, ili mwa Iye amene analamula. Yobu 38 akunenanso zomwezo, kuti ndi Mulungu amene anauza nyanja kuti ufike apa pokha osapitirira, ndipo pamene ankatero Yobu kunalibe, inenso kunalibe.

Ndinakhala chete nthawi yaitali, chifukwa ndinaona kuti zaka zonsezi ndakhala ndikudziyesa ine chipupa chotchinga mavuto onse a pa mtundu pathu. Musandimve molakwika, kuthandiza makolo ndi abale ndi udindo ndipo sindisiya, ndalama ya fetereza ndinatumiza tisananyamuke. Koma kutumiza thandizo ndi kwina, kuganiza kuti moyo wawo uli m'manja mwako ndi kwinanso, ndipo chachiwirichi chimadya munthu, tulo osabwera, BP kukwera, pakhomo kumangokalipa popanda chifukwa.

Taonani pa Marko 6 paja. Ophunzira abwerako ku ntchito imene Yesu anawatuma, anthu ali piringupiringu ena akubwera ena akupita mpaka analibe mpata ngakhale wakudya. Yesu sanadikire kuti mzere uthe kaye, anthu ovutika akadalipo anawauza kuti tiyeni kwatokha mukapumeko pang'ono, n'kukwera ngalawa. Inde khamu linawatsatira, linafika mpaka kuwatsogolera, koma pamene njala inavuta madzulo, ophunzira anayamba kuwerengera ndalama ngati mmene ndimachitira ine pa foni, akuti tikagule mikate ya madinari 200? Iwo anali ndi mikate 5 ndi nsomba 2 basi, ndipo amuna 5,000 anadya n'kukhuta, mitanga 12 kutsala. Ntchito yawo inali kupereka chimene chinali m'manja ndi kugawira, wochulukitsa anali wina.

Dzulo foni ndinaisiya m'chikwama cha mayi a kunyumba. Tinalowa m'madzi pakati pa mbendera zofiira ndi zachikasu pamene ma lifeguard amalola kusamba, madzi a Indian Ocean kuno ndi ofundirako, mwana ali pa phewa akuseka mpaka kutsamwa, kenako ndinagona pa chitenje tulo teniteni masanasana, zimene sindikumbuka kuti zinachitika liti.

Ndikudziwa ambiri mukuwerenga izi mukuthamangira kumunda ndi khasu, ena muli pa shifiti holide simuiona chaka chino, ena mukudikirira matenda kuchipatala. Tiyeni tipemphere limodzi. Atate, Inu amene mumaimitsa nyanja ndi mchenga, uzani chimene chikukokoma pakhomo pa m'bale wanga lero kuti chifike apa pokha. Otopa muwapatse tulo, amene ali pa misewu nyengo ino muwafikitse bwino, ndipo kumudzi mvula igwe yabwino. M'dzina la Yesu, Ameni.

Mwana wadzuka, akuti tikamangenso kanyumba kaja madzi asanakwere.