Tisalowetse Anankafumbwe mu Nkhokwe Yatsopano: Mawu a pa Msonkhano wa Mamembala a Kopaletivi

Zikomo a wapampando. Zikomo mafumu athu, a bodi, amayi ndi abambo nonse. Ndikudziwa kuti ena mwapalasa njinga kuyambira m'bandakucha, ndiye sindizungulira.

M'makalabu mwakhala mukumveka mphekesera zoti ku ofesi akufuna kugula kompyuta yatsopano ndi ndalama za mamembala. A bodi andituma kuti ndiwongole nkhaniyi pamaso panu. Chimene tikufuna kusintha si kompyuta yeniyeniyo ayi, koma sisitimu imene imasunga kaundula wathu yense: mayina anu, masheya anu, ngongole zanu, matumba amene munabweretsa ndi ndalama zimene munalandira. Sisitimu yotere pa Chingerezi amaitcha ERP.

Taganizani mmene timagwirira ntchito lero. Mwabwera ndi soya pa depoti. Kalaliki wayeza pa sikelo, walemba lisiti. Wosunga weyahausi walemba m'buku lake. Ku ofesi, akauntanti adzalowetsa mu pulogalamu yathu yakale ija, mwina patapita sabata, malisiti akafika pa njinga yamoto. Koma ngongole yanu ya mbewu ili kwina, mu Excel, pa laputopu ya munthu mmodzi. Malo anayi, ndipo malo anayiwa salankhulana. Nchifukwa chake ena mwa inu munadulidwa ngongole imene munabweza kale, n'kuyenda maulendo atatu ku ofesi kuti akonze. ERP ndi buku limodzi la onse. Thumba likatsika pa sikelo, kulemba kumodzi komweko kuwonjezera katundu mu weyahausi, kuchotsa ngongole yanu, n'kuonetsa ndalama zimene zakutsalirani.

Wina afunsa, bwanji osangokhala ndi zakale zomwezi? Pulogalamu yathu imayenda pa Windows 7, ndipo a Microsoft anasiya kusamalira Windows 7 mu Januwale 2020. Tsiku limene kompyuta ija idzafe, sitikudziwa ngati pulogalamuyo idzadzuka pa ina. Ndipo si ife tokha. Kampani ya ku Germany yotchedwa SAP, imene sisitimu yake imayendetsa makampani akuluakulu padziko lonse, inalengeza kuti idzasiya kusamalira sisitimu yake yakale ya ECC kumapeto kwa 2027. Ofuna kupitiriza mpaka 2030 azilipira zoonjezera. Pano makampani ambirimbiri ali pa kalikiliki kusamukira ku yatsopano yotchedwa S/4HANA. Kusamuka kumafika kwa aliyense. Nkhani ili pa kasamukidwe.

Ndiyambe ndi chimene chimandisowetsa tulo.

Amayi, mukamanga nkhokwe yatsopano, chimanga cha chaka chatha chija mumangochiwola n'kuthiramo? Ayi. Mumachiyanika, mumapeta, mumataya chofumbwa, chifukwa mukudziwa kuti anankafumbwe akalowa nawo, nkhokwe yatsopanoyo yatha ntchito. Kaundula wathu nayenso ali ndi anankafumbwe. Ndakhala ndikutsegula mabukuwa mwezi wathunthu, ndipo ndikuuzeni zimene ndaona ndi maso angawa. Munthu mmodzi walembedwa katatu: pena ndi dzina la bambo ake, pena ndi mfunda, pena kalaliki analemba "l" pamene mnzake analemba "r". Kwa ife ndi munthu mmodzi, timamudziwa ndi nkhope. Kwa kompyuta ndi anthu atatu; mmodzi ali ndi masheya, wina ali ndi ngongole, wachitatu ndiye amene anagulitsa mtedza. Muli mayina a anzathu amene anatisiya kalekale koma akuonekabe ngati mamembala amoyo. Muli manambala a foni amene eni ake anataya simu kadi zaka zapitazo. Tikadzayamba kulipira pa Airtel Money kapena Mpamba, ndalama zanu zidzapita kwa mlendo. Tsamba lina kalaliki analemba "matumba", lina analemba makilogalamu, ndipo palibe analemba ngati thumbalo linali la makilogalamu 50 kapena lija losefukira losokerera pamwamba.

Sisitimu yatsopano siidziwa chilungamo. Chimene mwaipatsa, imachikhulupirira, n'kuchiwerengera mwachangu kuposa munthu. Tikaipatsa zolakwika, idzalakwitsa mofulumira, ndipo idzasindikiza cholakwikacho pa pepala looneka bwino loti palibe angalitsutse.

Ntchito yopeta imeneyi sangaigwire munthu wochokera ku Lilongwe ndi laputopu yake. Iyeyo sadziwa kuti mayi uje anakwatiwa n'kusintha dzina. Odziwa ndinu. Mwayi tili nawo: kuyambira 2017 a NRB anatipatsa ziphaso za unzika, ndipo nambala ya pa chiphaso ndi ya munthu mmodzi basi. Membala aliyense adzalowa mu sisitimu yatsopano ndi nambala imeneyo. Tidzafika pa kalabu iliyonse ndi pepala losonyeza masheya anu ndi ngongole yanu monga zalembedwera ku ofesi. Inu mudzabwere ndi chiphaso, kabuku kanu, ndi malisiti onse amene munasunga, ngakhale aja othimbirira a m'jumbo pansi pa mphasa. Tikagwirizana, musayine kapena mudinde chala. Tikasiyana, tikhale pansi ndi mlembi wa kalabu mpaka tipeze pamene panakhota. Musachite manyazi kutsutsa ofesi. Nambala imene mudzasayinire ndi imene tidzasamuke nayo, ndipo kuikonza pambuyo n'kovuta kuposa kuikonza tsopano.

Sitinyamula zonse. Malisiti a zaka khumi zapitazo atsala m'mafayilo, otsekeredwa bwino kuti ma odita aziwapeza. Chosamuka ndi zimene zili zamoyo: mamembala, masheya, ngongole zosabwezedwa, katundu amene alipodi mu weyahausi, ndi ndalama za ku banki.

Tsopano za nthawi. Ku America kuli kampani ya maswiti ndi chokoleti yotchedwa Hershey. Mu 1999 inasamukira ku sisitimu yatsopano. Ntchito imene inayenera kutenga zaka zinayi anaipanikiza kuti ithe m'miyezi 30, ndipo anayatsa sisitimuyo mu Julaye, pamene maoda a chikondwerero chawo cha Halloween amayamba kulowa. Imeneyo ndiye nyengo yawo ya msika. Maswiti anali mbwee m'maweyahausi, koma sisitimu inalephera kuwatumiza kwa ogula, ndipo katundu wa ndalama pafupifupi madola 100 miliyoni sanafike m'masitolo pa nthawi yake. Akatswiri anali nawo, ndalama anali nazo. Chinawapweteka ndi phuma, ndi kusankha mwezi wolakwika.

Halloween yathu ndi Epulo mpaka Ogasiti. Onani m'maganizo mwanu depoti mu Meyi: ngolo zandanda, njinga zatsamira mpanda, mavenda ali tsidya lija la msewu ndi sikelo zawo ndi ndalama m'manja. Ndiye kalaliki wathu akuti dikirani, sisitimu yagwira. Mudzadikira maola angati musanawoloke msewu? Ine sindingakuimbeni mlandu. Choncho maganizo amene a bodi akubweretsa kwa inu ndi awa. Kupeta mayina tichite nthawi ya dzinja, msika usanatseguke. Pa msika tigule ndi njira yakale yomwe ija, kupatula depoti imodzi yaing'ono kumene tidzalembe kawiri, m'buku ndi mu sisitimu yatsopano, n'kumafananiza madzulo aliwonse. Kusamuka kwenikweni kudzachitike mu Seputembala, katundu atatuluka, weyahausi ili pafupifupi mbee, pamene kuwerenga matumba otsala ndi ntchito ya tsiku limodzi. Ntchito yoyamba ya sisitimu yatsopano idzakhala kugawa mbewu, imene ndi yopepukirapo kuyerekeza ndi msika. Ndipo ngati pa depoti yoyeserera manambala sadzagwirizana, tsiku losamukira lidzasunthidwa. Ndikunena pano pamaso pa mafumu kuti pasadzakhale wotikakamiza chifukwa choti tinalengeza kale tsiku.

Amayi kumbuyoko mwafunsa kuti nanga netiweki ikasowa, kapena magetsi akazima? Funso labwino, ndipo ndi limene tidzayambire kufunsa aliyense wofuna kutigulitsa sisitimu. Atisonyeze, osati ku hotela ya m'tauni, koma pa depoti yathu yakutali ija kumene foni imagwira munthu akakwera pachulu. Sisitimu iyenera kulola kalaliki kulemba popanda intaneti, n'kutumiza netiweki ikabwera. Pa depoti iliyonse pafunika sola ndi batire. Ndipo lisiti ya pepala siichoka. Mudzapitabe kunyumba ndi umboni m'manja.

Pali msampha wina umene ndikufuna a bodi amve bwino. Ogulitsa akabwera, aliyense wa ife adzafuna kuti sisitimu ichite ndendende mmene tinazolowerera. Kampani ya masitolo ya ku Germany yotchedwa Lidl inachita zomwezo. Iwo amawerengera katundu wawo pa mtengo wogulira, pamene sisitimu imene anasankha inapangidwa kuti iziwerengera pa mtengo wogulitsira. M'malo mosintha chizolowezi, anayamba kusintha sisitimuyo, kusoka chigamba pa chigamba, kwa zaka zisanu ndi ziwiri. Mu 2018 anaisiya ntchitoyo atawononga ma yuro pafupifupi 500 miliyoni, n'kubwerera ku yakale. Ifeyo tikhale pansi tisiyanitse. Zilipo zimene sitingasiye chifukwa ndiwo moyo wa kopaletivi: kudula ngongole ya mbewu pa zokolola, kuchotsera chinyezi, kusiyanitsa magiredi a mtedza, kugawa phindu molingana ndi zimene munthu anagulitsa. Zimenezo sisitimu izichita, apo ayi sitiigula. Koma zina timachita chabe chifukwa amene anayamba ntchito ya ukalaliki kalelo ankatero. Zimenezo tisinthe ndife, popeza chigamba chilichonse ndi ndalama, ndipo chimang'ambika sisitimu ikadzakonzedwanso.

Ndifike pa nkhani yowawa, imene tonse tikuikumbuka. Mu 2013 kunaphulika Cashgate ku Capital Hill. Boma linali ndi sisitimu yoyendetsera ndalama yotchedwa IFMIS, imene linayamba kugwiritsa ntchito mu 2005. Ofufuza anapeza kuti anthu ankalipira makampani amene sanagulitse kanthu ku boma, kenako n'kufufuta zolembedwazo mu sisitimu. Mabiliyoni a makwacha anapita, zipatala zili zopanda mankhwala. Pambuyo pake boma linasamukira ku IFMIS yatsopano ya SAP. Ndikutchula izi chifukwa ena amaganiza kuti kompyuta payokha imaletsa kuba. Siiletsa. Choletsa ndi malamulo amene timaika tisanaiyatse. Aliyense akhale ndi pasiwedi yakeyake, ndipo kubwerekana pasiwedi kukhale mlandu wochotsetsa ntchito. Woyeza asakhale wovomereza malipiro. Wovomereza asakhale wotumiza ndalama. Pasakhale munthu, ngakhale manejala, wotha kufufuta chimene chalembedwa. Akalakwitsa, alembe mzere wina wobweza, dzina lake ndi nthawi zioneke. Komiti yanu yoyang'anira ikhale ndi khomo lakelake lolowera kukaona, popanda kupempha chilolezo ku ofesi.

Za mtengo, manambala adzabwera ndi a msungichuma makotesheni akakwana, koma mafunso oti muwafunse ndikupatsirenitu. Mtengo wa tsiku loyamba si mtengo wonse. Pali laisensi ya chaka ndi chaka, maphunziro, mabandulo, matabuleti, ndi munthu wotithandiza zikavuta. Funsani ngati laisensiyo ili mu makwacha kapena mu madola. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo aliyense amene anali ndi bilu ya madola anadzuka ngongole yake itafufuma. Alipo masisitimu ena monga ERPNext amene pulogalamu yake ndi yaulere, koma woikonza kuti igwirizane ndi ntchito yathu amalipidwa ndithu, ndipo tiyenera kudziwa ngati m'dziko muno alipo oposa mmodzi oidziwa. Mu mgwirizano mulembedwenso kuti kaundula ndi wathu: tikadzasiyana nawo, atipatse deta yathu yonse m'njira yoti tingathe kuitsegula.

Makalaliki athu, ndakuonani mwakhala chete. Ndikudziwa mantha amene muli nawo, oti makina adzakulandani ntchito, kapena oti mudzachita manyazi pamaso pa alimi chala chikamanjenjemera pa tabuleti. Sikelo idzafunabe munthu. Maphunziro sadzakhala a tsiku limodzi ndi fanta. Mudzayeserera ndi malisiti enieni a chaka chatha mpaka dzanja lizolowere, ndipo pa depoti iliyonse tiphunzitsa awiri kuti wina akadwala ntchito isaime. Inuyo ndi amene mudzayambe kuona pamene sisitimu ikunama. Mukaona, nenani tsiku lomwelo.

Alembi a makalabu musabalalike tikatseka ndi pemphero. Tikumane pansi pa mtengo wa mango uwo kuti tigawane masiku oyendera makalabu. Amene ziphaso zanu zinatayika kapena zinatha, yambani kukonza sabata ino. A wapampando, ndabweza kwa inu, ndipo mafunso ndiyankha onse.