Za lupu zija unandifunsa

Halo mng'ono wanga, mwadzuka bwanji kumeneko, kamwanako kagona bwino? Pepa voisi yako ndayimva mochedwa, ndinali pa naiti ndangofika kumene, ndipo kuno ku Manchester kukuzizira moti zala zikukana kutaipa, nde ndingoyankhula basi. Umvere uli wekha, osati pa sipika amayi ali pompo ayi.

Nde wati jakisoni wolera uja sukumufunanso, ukufuna kudziwa za lupu. Ndakumva, ndipo sindikukudabwa chifukwa ndikukumbuka mmene unkavutikira muja, kudontheza magazi kosatha kenako miyezi osasamba, kuonjezera apo miyezi itatu iliyonse ukhale ukuwerenga deti, ukangoiwala kapena ukapeza kuti watha basi mtima uli m'mwamba. Lupu ilibe zimenezo. Ine ndili nayo, chino ndi chaka chachinayi, ndipo masiku ambiri sindikumbuka n'komwe kuti ilipo.

Kanthu kake n'kakang'ono iwe, kapulasitiki kofewa kooneka ngati chilembo cha T, kutalika kwake sikaposa kamtengo ka machesi, kumunsi kwake kuli timaulusi tiwiri. Amakaika m'chiberekero. Koma zilipo za mitundu iwiri, ndipo apa mpamene ndikufuna utchere khutu chifukwa anthu amangoti lupu lupu ngati ndi imodzi. Ina ndi ya kopa, yokulungidwa ndi kawaya, ilibe mankhwala ena aliwonse, kopayo ndi amene amafoola umuna kuti usakumane ndi dzira. Imeneyi imakhala zaka 10 mpaka 12 ndipo imayamba kugwira ntchito tsiku lomwelo. Ndi imene imapezeka kwambiri m'zipatala za boma kwathuko. Vuto lake ndi limodzi, msambo umachuluka ndipo m'mimba mumapota kuposa kale, makamaka miyezi itatu mpaka sikisi yoyambirira. Inayo ndi ya mahomoni, kuno ambiri amaidziwa ndi dzina loti Mirena, imatulutsa timankhwala pang'onopang'ono m'chiberekero momwemo, imakhala zaka zosachepera 5, ndipo iyo imachita zosiyana, msambo umachepa, ena mpaka umasiyiratu. Poyamba imadonthezetsa pang'ono koma zimatha.

Nde funso lenileni kwa iwe ndi la magazi. Paja uli ndi mimba anakuuza kuti magazi ndi ochepa mpaka unkamwa timapilitsi ta ayironi tija, komanso iwe kuyambira uli mtsikana umasamba kwambiri, ndimakudziwa ine, tinkagona chipinda chimodzi. Ukapita usakabise zimenezi. Ukanene kuti ndimasamba masiku mwakuti, ndimasintha mapadi kangati patsiku, ndipo ukapemphe akuyeze magazi. Ukafunsenso ngati ya mahomoniyo ali nayo. Ine ndikadakhala iwe ndikadayamba kufunsa imeneyo, koma ngati magazi abwerera bwinobwino ya kopayo si yoipa ayi, ndi imene ndili nayo ine.

Za nthawi yake, mwana ali ndi masabata 5 eti? Lupu amaika mkati mwa maola 48 munthu atangochira, zikapitirira apo amadikira masabata anayi athe. Nde iwe wadutsa kale, ukamapita naye kusikelo ya masabata sikisi kukabayitsa katemera ukangofunsira konko ku Ndirande, ulendo ukhale umodzi. Ku boma kulera n'kwaulere. Ngati tsikulo kulibe nesi amene amaika akuuza tsiku lobwera kapena akutumiza ku Queens, apo ayi upite ku Banja La Mtsogolo, ya thiransipoti ndi yolipira ndikutumizira pa Mukuru usadandaule. Kabuku kako ka kuchipatala usaiwale. Kuyamwitsa sikusokonekera, mkaka utuluka ngati kale.

Akakufunsa mafunso ena ochititsa manyazi, ngati mwayambiranso kukhala malo amodzi ndi alamu, ngati kumusi kukutuluka zonunkha kapena zoyabwa, uyankhe zoona. Akufuna atsimikize kuti ulibe mimba ina komanso kuti palibe matenda opatsirana pogonana, chifukwa akaika lupu matenda alipo amatha kukwera m'chiberekero. Akapezeka amayamba akupatsa mankhwala kaye. Ndipo poti udzakhala wagona kale pabedi paja ukafunse ngati angakuyezeretu khansa ya khomo la chiberekero, akati ubwerenso tsiku lina ubwerenso ndithu, matenda amenewo akutha azimayi kwathuko.

Kuikako sindikunamiza, kumapweteka, koma osati ngati kubereka, aaa kutali. Umagona chagada, amalowetsa kachipangizo kotsegulira njira, kamazizira bwanji, kenako amayeza kuya kwa chiberekero nde apo umamva kupota kwamphamvu ngati msambo woyamba uja, kawiri, basi yalowa. Kwa ine sipanathe mphindi 10. Ndinamva kachizungulire podzuka, nde usakapite ndi njala, udye kaye phala, umwe panado kapena bulufeni ola limodzi usanalowe, utenge padi, ndipo upite ndi munthu woti akugwirire mwana. Tsiku limenelo zochapa ndi zotunga madzi zikudikire.

Tsopano zonena anthu zija. Ndikudziwa azakhali akuuza kuti imayenda m'thupi mpaka kukafika kumtima, ena amati mwana amabadwa ataigwira m'manja, kkkk ayi ndithu. Chiberekero chili ngati kathumba, kulibe msewu wopita kumtima. Chimene chimachitika mwa apo ndi apo ndi choti poika ikhoza kuboola khoma la chiberekero, n'chifukwa chake aike ndi munthu wophunzitsidwa, osati aliyense wovala zoyera. China ndi choti ikhoza kutsika kapena kutuluka yokha, kawirikawiri miyezi yoyambirira nthawi ya msambo. Nde ukamaliza kusamba uzisamba m'manja n'kupisa chala, timaulusi tija uzitimva, osakoka. Ukapanda kutimva, kapena ukamva kapulasitiki kolimba, gwiritsani kondomu ndipo upite akaone. Alamu ngati akuti tikuwabaya ukanene, anesi amatidula pang'ono, komanso timafewa tokha pakapita nthawi. Sizibweretsa khansa ya chiberekero, ndipo sizitseka mimba. Tsiku limene mudzafune wina amangokoka timaulusito n'kutulutsa, mwezi womwewo ukhoza kuima, pamene jakisoni uja ena amadikira miyezi yambirimbiri. Olo zaka 10 zisanakwane, chaka chimodzi chokha ukafuna achotse ndi ufulu wako, asakukanize.

Koma ichi ndinene poyera poti ndiwe mng'ono wanga, lupu imateteza mimba yokha, mwa azimayi 100 sipafika ndi mmodzi yemwe wotenga mimba pachaka, koma HIV ndi matenda enawa sizitchinga. Alamu amayenda ndi thiraki mpaka ku Beira, sindikuwanenera zoipa ayi, koma kukayezetsa limodzi kusathe. Ndipo uwauze, usachite mobisa ngati palibe chokuopsa, ukafuna ndiwaimbire ndine ndiwafotokozere, amandimvera ine.

Ukaikitsa udzabwererenso pakatha masabata atatu mpaka sikisi akaone ngati yakhala bwino. Koma ukamva kutentha thupi, kupweteka kwambiri m'chinena kosasiya, zotuluka zonunkha, magazi ochuluka moti padi ikudzadza pa ola limodzi, kapena ukaona zizindikiro za mimba, usadikire deti, usayambe wandiimbira ine kuno, thamanga kuchipatala kaye nde udzandiuze uli konko.

Basi maso akulemera, ndikagone kaye, madzulo ndikubwereranso kuntchito. Unditumizire chithunzi cha kabuku kako tsamba limene analemba za magazi lija ndione, ndi cha mwanayo atavala kajuzi ndinatumiza kaja. Uwapatse moni amayi, uwauze mankhwala awo a BP ndalama yake ndiphatikiza pomwepo Lachisanu.