Eriyo muli nayo kale: kumvetsera ndege ndi sitima pa scanner

Zikomo amayi ndi abambo. Achinyamata muli kumbuyoko, sunthirani kuno muone bwino zimene ndanyamulazi.

Ena mwa inu muli ndi eriyo ya amateur radio padenga, ija yolankhulirana ndi anzanu okonda mawailesi, tsopano mwapezanso scanner, wailesi yongomvetsera ma frequency osiyanasiyana, ndipo mukufunsa ngati mugule eriyo ina. Ine ndikuti ayi. Yambani ndi yomwe muli nayoyo, ndipo chonde musaidule.

Iyi ndagwirayi ndi ya mafunde otchedwa 2 mita, anaipangira 144 mpaka 146 MHz. Kutalika kwake ndi masentimita pafupifupi 49. Masamu ake ndi apafupi: tengani 71, gawani ndi frequency imene mukufuna mu MHz, yankho lake ndi mamita. Oyendetsa ndege amalankhula pakati pa 118 ndi 137 MHz, ndiye eriyo yoyenera 125 ingakhale masentimita 57. Sitima za pamadzi zimaitanirana pa channel 16, yomwe ndi 156.8 MHz, imeneyo masentimita 45. Mwaona? Yathu ya 49 yakhala pakatikati.

Mukamalankhula pa wailesi, kusiyana kotereku si nkhani yocheza. Mphamvu imabwerera m'waya, SWR, muyeso wa mphamvu yobwererayo, imakwera, wailesi imatentha mpaka kuwonongeka. Koma scanner simatumiza kanthu, imangolandira. Eriyo ikaphonya pang'ono, mawu amangofookako, palibe chopsa. N'chifukwa chake ndimadandaula ndikaona munthu wacheka eriyo yabwinobwino ndi sowo kuti amve ndege, mawa lake n'kulephera kulankhula ndi anzake. Komanso eriyo yomweyi imagwira bwino cha ku 435 MHz, poti 145 kuchulukitsa katatu ndi 435.

Chimene chimasintha zinthu kwenikweni ndi kukwera kwa mlongoti. Mafunde a VHF, monga a ndege ndi sitimawa, amayenda molunjika, sakhota phiri. Ndege ili m'mwamba muimva ili kutali kwambiri, koma woiyankha ali pansi pa bwalo la ku Chileka kapena la Kamuzu mwina osamumva n'komwe, ngakhale muli pafupi, ngati pali phiri pakati panu. Anthu ambiri amaganiza kuti scanner yafa. Siinafe ayi. Kwezani nsungwi, eriyo iime chilili, osati chogona. Ndipo pomvetsera ndege, ikani scanner pa AM. Mukasiya pa FM mungomva kukokoma. Amene muli ndi Yagi, ija ya nthambi zambiri, dziwani kuti imamva mbali imodzi yokha, kumene yalozako.

Tsopano waya. Wowonda uyu ndi RG-58. Pa mamita ochepa alibe vuto, koma mukamutalikitsa, makamaka pa UHF, monga 435 MHz ija, amadya signal isanafike m'nyumba. Waya wa dishi ya TV, RG-6, ndi wa 75 ohm pomwe scanner imayembekeza 50, koma pomvetsera amagwira ntchito bwino, ndipo savuta kupeza. Taonani pulagi iyi, ndiyendetsa kuti aliyense aigwire. Yaikuluyi ndi PL-259, ya pa eriyo. Scanner zambiri zili ndi pulagi ya mtundu wina, BNC kapena SMA, ndiye mufunika kolumikizira kamodzi kokha, osati kusanjikiza titatu. Onani mkati mwake mwabiriwira chonchi: madzi a mvula analowa. Polumikizira pa panja kulungani tepi mothina, kuyambira pansi kukwera m'mwamba.

Bambo mwafunsa ngati mungagawe eriyo imodzi ndi kolumikizira ka T, uku wailesi yolankhulira, uku scanner. Musayerekeze. Mukangodina batani lolankhulira, mphamvu imathamangira mu scanner n'kuipsereza pomwepo. Gwiritsani switch, kapena zulani waya wina musanalumikize mnzake.

Okhala m'tauni mukumana ndi vuto lina. Eriyo ikakwera, nyimbo za mawailesi a FM, 87.5 mpaka 108 MHz, zimayamba kulowerera paliponse chifukwa mphamvu zawo n'zazikulu. Mankhwala ake ndi filter yotchinga FM, kapena batani la pa scanner lolembedwa ATT, lochepetsa mphamvu ya signal, ngati lilipo.

Za malamulo: kulankhula pa amateur radio kumafuna chiphaso cha MACRA, ndipo zizindikiro zoitanirana pa wailesi za Malawi zimayamba ndi 7Q. Za zomwe mukuloledwa kumvetsera, kafunseni komweko musanayambe, ndipo zomwe mwamva musamakafalitse pa WhatsApp. Dzinja likafika, mukamva bingu patali, zulani waya wa eriyo ndi kuuika kutali ndi anthu. Kuzimitsa scanner pakokha sikuteteza ku mphezi.

Tiyeni tituluke panja tikaimike nsungwi ija, wina anyamule tepi.