Kuchotsa Mimba: Mkangano Umodzi, Mafunso Awiri

[Pa sikirini: benchi ya pachipatala usiku, mayi wakhala yekha atagwira pamimba]

Moni kwa inu nonse amene mukuonera. Nkhani ya lero ndi ija ena amaikamba monong'ona pomwe ena amaikamba pamsewu atanyamula zikwangwani: kuchotsa mimba. Ndikudziwa kuti ambiri mwafika pano muli kale ndi mbali. Khalani nayo mbali yanuyo, koma mundilole ndikuonetseni zimene mbali inayo ikunena, chifukwa kawirikawiri maganizo a anthu otsutsana nafe timawamvera m'kamwa mwa anzathu, atapotozedwa kale.

Tiyambe ndi kukula kwa nkhaniyi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti chaka chilichonse mimba pafupifupi 73 miliyoni zimachotsedwa. Pa mimba 10 zilizonse zobwera mosakonzekera, 6 zimathera pamenepo. Ndipo pafupifupi 45 pa 100 mwa mimba zochotsedwazi zimachotsedwa m'njira zoika moyo pachiswe. Ndiye kuti tikukamba za mwana wamkazi wa munthu wina, mnzanu wa kusukulu, mayi amene mumakhala naye benchi imodzi popemphera.

Mkanganowu umayambira pa mawu penipeni. Wina amati "mwana". Wina amati "mimba". Wina amati "akadali magazi chabe". Aliyense posankha liwu lakelo waugamula kale mlandu asanaumve.

Ine ndimaona kuti anthu amakoka chingwe osagonjana chifukwa pali mafunso awiri amene alukana. Loyamba: amene ali m'mimbayo ndi ndani, ndipo tili naye ngongole yotani? Lachiwiri: boma lichitepo chiyani? Wina akamayankha loyamba, mnzake amakhala akuyankha lachiwiri, kenako onse amapita kwawo atakwiya.

[Pa sikirini: chithunzi cha sikani ya mimba]

Otsutsa kuchotsa mimba ali ndi mfundo imodzi yolemera kwambiri, ndipo siyenera kupepusidwa. Iwo amati dzira la mayi likakumana ndi mbewu ya bambo, pamayamba moyo watsopano wokhala ndi chibadwa chakechake, chosiyana ndi cha mayi ndi cha bambo yemwe. Kuchokera pamenepo ulendo ndi umodzi, palibe pomwe umadukira. Pofika masabata pafupifupi 6, makina a sikani amatha kuona kugunda pamalo pomwe mtima ukupangika. Pofika masabata 22 mpaka 24, mwana wobadwa masiku asanakwane amatha kupulumuka ngati chipatala chili ndi zipangizo zokwanira. Tsono iwo amafunsa kuti, malire muika pati? Mukati ndi pobadwa, mwana wa miyezi 7 amene wabadwa msanga akusiyana pati ndi wa miyezi 7 amene akadali m'mimba, kupatula malo amene ali? Inuyo amene mukundionera, munalipo kale m'mimba mwa amayi anu. Anali inu, mudakali wamng'ono. Kwa munthu wokhulupirira zimenezi, kumuuza kuti "ngati sukufuna usachotse, koma usaletse ena" n'chimodzimodzi kumuuza kuti atseke maso munthu akuphedwa.

Mbali inayo imayankha m'njira ziwiri. Yoyamba ndi yakuti kukhala ndi moyo n'kosiyana ndi kukhala munthu wokhala ndi ufulu wonse. Iwo amati umunthu umakula pang'onopang'ono, ndipo kamluza ka masabata 5, komwe sikamva ululu kapena kuzindikira kanthu, sikangaikidwe pa sikelo imodzi ndi mayi wamoyo amene mwina ali ndi ana ena omuyembekeza pakhomo.

Apa pali chinthu chimene ambiri sachidziwa: ngakhale zipembedzo sizinayankhe funsoli ndi mawu amodzi. Thomas Aquinas, mphunzitsi wamkulu wa mpingo wa Katolika wa m'zaka za m'ma 1200, ankatsatira Aristotle, katswiri wa nzeru wakale wa ku Greece, poganiza kuti mzimu wa munthu umalowa patapita masiku ndithu mimba itaima, ngakhale kuti mpingowo unkatenga kuchotsa mimba ngati tchimo pa nthawi ina iliyonse. M'chaka cha 1869, Papa Pius IX anachotsa kusiyanitsa kwa mimba yaing'ono ndi yaikulu pa chilango cha mpingo, ndipo lero chiphunzitso chawo n'chakuti moyo utetezedwe kuyambira tsiku loyamba. M'Chisilamu, akatswiri ambiri amatchula masiku 120 ngati nthawi yomwe mzimu umauziridwa; ikadutsa nthawiyo amaletsa pokhapokha moyo wa mayi uli pangozi, pomwe pa masiku a m'mbuyomo amasiyana maganizo. Malamulo akale a Chiyuda amaika moyo wa mayi patsogolo ngati kubereka kukufuna kumupha.

Yankho lachiwiri la olola kuchotsa mimba ndi la thupi. Tiyerekeze kuti mwana wanu wa zaka 10 akufunika impso, ndipo yanu ndi yokhayo ingamuyanje. Ambiri a ife tingapereke osaganiza kawiri. Koma lamulo silikugonekani pa bedi la opareshoni mokakamiza. Nanga bwanji, iwo amafunsa, mayi akakamizidwe kubwereketsa thupi lake miyezi 9, magazi ake, thanzi lake, mwinanso moyo wake? Otsutsa amayankha kuti kukana kupereka impso ndi kusiya matenda achite zake, pomwe kuchotsa mimba ndi kuthetsa moyo ndi dzanja lako, komanso kholo lili ndi udindo umene mlendo alibe. Pamenepo anzawo aja amabwezanso: nanga mtsikana wa zaka 12 wogwiriridwa, udindowo anausankha liti? Kunena zoona, funso limeneli limandisowetsa tulo, ndipo sindinamvepo yankho lomwe lingandichititse kumuyang'ana mtsikanayo m'maso bwinobwino.

[Pa sikirini: mapu a dziko lonse]

Tsopano funso lachiwiri, la lamulo. Pano sitikufunika kuyerekeza, chifukwa mayiko anayesa kale.

Mu 1966, mtsogoleri wa Romania, Nicolae Ceaușescu, analetsa kuchotsa mimba pafupifupi kotheratu, n'kuvutitsanso kapezedwe ka njira zolera, pofuna kuchulukitsa anthu. Chaka chotsatira chiwerengero cha ana obadwa chinatsala pang'ono kuwirikiza kawiri. Kenako chinayamba kutsika, chifukwa amayi anapeza njira zamseri. Imfa za amayi oyembekezera zinakwera kuposa dziko lina lililonse ku Ulaya, ndipo akuti amayi pafupifupi 10,000 anafa lamulolo lisanachotsedwe mu Disembala 1989. Ana ochuluka zedi anathera m'nyumba zosungira ana amasiye makolo awo ali moyo.

Ku El Salvador, kuyambira 1998 kuchotsa mimba n'koletsedwa pa chifukwa china chilichonse. Amayi ena amene ankati anangopita padera anaweruzidwa ngati opha munthu, ena zaka 30 kapena kuposerapo m'ndende. Vuto lake n'lakuti mayi akafika akutaya magazi, nthawi zambiri dokotala sangasiyanitse kupita padera ndi kuchotsa dala.

Ndikufuna tiime pang'ono pa mayi m'modzi. Savita Halappanavar anali dokotala wa mano wa zaka 31, wochokera ku India, wokhala mumzinda wa Galway ku Ireland. Mu Okutobala 2012, ali ndi mimba ya masabata 17, anapita kuchipatala akumva ululu. Madokotala anamuuza kuti mimbayo ikuchoka ndipo mwanayo sapulumuka. Iye anapempha kuti amuthandize ithe msanga. Anamukanira chifukwa mtima wa mwana unali ukugundabe, ndipo lamulo linkaika moyo wa mayi ndi wa mwana wosabadwa pa mlingo umodzi. Anadikira masiku. Matenda analowa m'magazi, ndipo anamwalira. Mwana amene ankamufuna ndi mtima wonse sanapulumuke, iyenso sanapulumuke. Mu Meyi 2018, anthu a ku Ireland, dziko la Akatolika ambiri, anavota pa referendamu, ndipo pafupifupi awiri mwa atatu alionse anasankha kuchotsa gawo la malamulo lija.

Kafukufuku wa zaka zambiri amaonetsanso kuti mayiko oletsa ndi mayiko olola sasiyana kwambiri pa kuchuluka kwa mimba zochotsedwa. Kusiyana kwakukulu kuli pa amene akuchotsayo, malo ake, ndi chida chimene chili m'manja mwake.

Koma musaganize kuti kulola kulibe mdima wake. Ku India mabanja ambiri ankachotsa mimba akangodziwa kuti mwana ndi wamkazi, mpaka boma linaletsa mu 1994 kugwiritsa ntchito sikani pouza makolo ngati mwana ndi wamwamuna kapena wamkazi. Ku China, pa nthawi ya lamulo la mwana m'modzi lomwe linatha mu 2015, amayi ena ankachotsedwa mimba mokakamizidwa. Ku Iceland ndi ku Denmark, amayi ochuluka kwambiri amene apimidwa n'kupezeka kuti mwana ali ndi Down syndrome (ulumali wobadwa nawo wochedwetsa kukula ndi kuphunzira) amasankha kuchotsa, ndipo anthu ena olumala amafunsa mowawidwa mtima kuti zimenezi zikunena chiyani za moyo wawo. Ndiponso mayi amene "wasankha" chifukwa mwamuna wamuopseza, kapena chifukwa abwana amuchotsa ntchito akaona pathupi, wasankha chiyani kwenikweni?

N'chifukwa chake mayiko akuyenda mosemphana. Ku America, khoti lalikulu linapereka ufuluwu pa mlandu wa Roe v. Wade mu 1973, kenako linauchotsa mu Juni 2022 n'kusiya chigawo chilichonse chidzipangira lamulo lake. Poland inakhwimitsa lamulo mu 2020. Argentina inalola chaka chomwecho. France inalemba ufuluwu m'malamulo aakulu a dziko mu Malichi 2024.

[Wolankhula ayang'ana kamera]

Mundifunse ine, ndikuuzani mosabisa. Sindikhulupirira kuti amene ali m'mimba ndi chinthu wamba, ndipo ndimaona kuti mimba ikamakula, kulemera kwa funsoli kumakulanso. Koma sindikhulupiriranso kuti ndende ingagwire ntchito imene inalepheredwa ndi kulera, sukulu, chilungamo kwa ogwiririra ana, ndi thandizo kwa mayi wosowa pogwira. Munthu akhoza kuyankha funso loyamba kuti "n'kulakwa" koma lachiwiri n'kuyankha kuti "musamumange". Winanso akhoza kuvomereza lamulo lolola, mtima wake ukulira pa mimba iliyonse yochotsedwa. Anthu otere alipo ambiri, kungoti sawapatsa maikolofoni.

Ndipo mwaona kuti m'nkhani yonseyi mwamuna sakuoneka? Mimba iliyonse mwa 73 miliyoni zija ili ndi mwini wake wachiwiri. Dzina lotchulidwa kukhoti, mu mpingo ndi m'miseche limakhala la mkazi yekha.

Pali mfundo imodzi yomwe mayiko 179 anagwirizana pa msonkhano wa bungwe la United Nations ku Cairo mu 1994, oletsa ndi olola omwe: mayi amene wadwala chifukwa cha mimba yochoka kapena yochotsedwa athandizidwe kuchipatala, kaya lamulo la dziko lake likuti chiyani. Choncho mayi uja tinamusiya pa benchi poyamba paja, dzina lake likaitanidwa, namwino ayenera kuyamba ndi kumuyeza kuthamanga kwa magazi, kumuika diripi, ndi kumufunsa kuti wayamba liti kutaya magazi.