Kutupa kwa mapazi ndi kuchepa kwa zomanga thupi m'magazi: zimene mlangizi wa zaumoyo adayankhula pabwalo la mfumu

Zikomo afumu ndi nduna zanu, zikomo amayi ndi abambo amene mwasiya makasu kuti tikumane pano. Nonse mwamva za mwana wa zaka ziwiri wa kutsidya kwa dambo amene adatupa mapazi ndi nkhope mwezi wathawu. Mwanayo akupeza bwino tsopano, koma adafika kuchipatala mochedwa, chifukwa masabata adatha banja likufufuza amene adamusempha, uku akumumwetsa mizu ndi kumutemera mphini m'mapazi. Sindidabwere kudzaweruza banjalo, pakuti ambiri a ife tikadachita chimodzimodzi. Madokotala adapeza kuti mwanayo adali ndi kwashiorkor, matenda a kunyentchera amene amadza ndi kutupa, ndipo zomanga thupi m'magazi mwake zidali zitachepa kwambiri.

M'magazi mwathu muli puloteni, ndiye kuti zomanga thupi zija, yotchedwa albumin, imene chiwindi chimapanga kuchokera ku chakudya chimene tadya. Mwa munthu wathanzi imakhala magalamu 35 mpaka 50 pa lita imodzi. Ntchito yake yaikulu ndi kugwira madzi kuti akhale m'mitsempha, monga ufa umagwirira madzi mumphika wa nsima. Ikachepa, madzi amatuluka m'mitsempha n'kukadikha m'mapazi, m'mimba ndi kumaso. Mukafuna kudziwa, dinani ndi chala chachikulu pamwamba pa mapazi onse awiri kwa masekondi 3, ndipo mukachotsa chala n'kutsalira kadzenje, dziwani kuti amenewo ndi madzi, si kunenepa. Munthu wotere apite kuchipatala tsiku lomwelo, asanamwe chilichonse chochokera kutchire.

Ndikunena zakuchipatala poyamba chifukwa kuchepaku kuli ndi magwero osiyanasiyana, ndipo ndi maso okha simungawasiyanitse. Mwa ana nthawi zambiri gwero ndi chakudya, makamaka mwana akachotsedwa kubere n'kumangopatsidwa phala la ufa woyera la mchere wokha. Mwa akuluakulu kawirikawiri vuto limakhala m'chiwindi chimene chaonongeka ndi kachasu kapena matenda a hepatitis B, kotero kuti ngakhale munthu adye nyama, chiwindicho chimalephera kupanga albumin. Ena ndi impso zimene zikutaya puloteni mumkodzo, ndipo mudzaona mkodzo wa thovu lambiri ndi zikope zotupa m'mamawa. Enanso ndi kutsegula m'mimba kosatha, njoka za m'mimba, TB kapena HIV. Mayi woyembekezera akatupa nkhope ndi manja, mutu n'kumawawa, imeneyo ndi ngozi ina ya kuthamanga kwa magazi, ndipo sagona nayo kunyumba.

Tsono tikambe za mankhwala achikuda, chifukwa ndikudziwa kuti ndi amene ali m'mitima mwanu. Zomanga thupi sizili mumuzu wowawa kapena m'khungwa lonyika m'botolo. Mankhwala ambiri amene amaperekedwa kwa munthu wotupa amamutsegula m'mimba kapena kumukodzetsa, ndiye kutupa kumaphwa pang'ono, anthu n'kumati mankhwala agwira, pamene thupi lataya madzi ndi mphamvu zimene lidali nazo zochepa kale. Mphini nazo pakhungu lotupa zimachedwa kupola ndipo zimalowetsa tizilombo. Mankhwala enieni amakolo pa vuto limeneli adali m'nkhokwe ndi m'chikwatu, ndipo ndi amene tikuwanyozera masiku ano.

Taganizani izi. Pa magalamu 100 a soya wouma pali zomanga thupi pafupifupi magalamu 36, pa mtedza pafupifupi 25, pa nyemba, khobwe ndi nandolo zouma kupitirira pang'ono 20, pamene pa chimanga pali pafupifupi 9 okha, ndipo chinangwa chili pansi kwambiri. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6. Munthu wamkulu wolemera makilogalamu 60 amafunika pafupifupi magalamu 50 patsiku. Agogo athu sankadziwa manambala amenewa, koma ankatendera nkhwani ndi bonongwe, ankafutsa chitambe, ankaokola ngumbi mvula ikagwa, ankatola mphalabungu ndi kukumba mbewa. Usipa ndi matemba ouma, mukawasinja n'kuthira supuni m'phala la mwana, ndi chakudya choposa zambiri za m'mapepala onyezimira zimene timagula pagolosale.

Apa ndikudzudzuleni pang'ono. Soya yense ndi mtedza wabwino timagulitsa kwa mavenda, ndipo mtedza wofota ndi wa chuku ndi umene timasinja nsinjiro za ana athu. Chukucho chili ndi poizoni wa aflatoxin amene amaononga chiwindi chomwecho chimene tikufuna kuti chipange albumin, ndipo kuphika sikumuchotsa. Ndidafika pakhomo pena pamene nkhuku zidali zambiri, koma mwana sadalawepo dzira poopa kuti adwala khunyu, ndipo mazira onse ankapita kumsika. Dzira silibweretsa khunyu, ndiponso mayi woyembekezera akadya dzira mwana sabadwa wopanda tsitsi chifukwa cha dziralo. Abambo, nkhuku ikaphedwa, ntchafu isamathere m'mbale mwanu mwana n'kulandira msuzi.

(Mayi wina wachikulire adakweza dzanja nati: "Pepani alangizi, ife timadziwa kuti munthu akachepa magazi timamuphikira chidede ndi masamba a mapeyala, ena ufa wa chammwamba. Kodi mukuti zonsezi n'zabodza?")

Zikomo agogo, mwafunsa m'malo mwa anthu ambiri. Kuchepa kwa magazi ndi kuchepa kwa zomanga thupi m'magazi ndi mavuto awiri, ngakhale kuti nthawi zina amagwira munthu mmodzi. Kuchepa kwa magazi ndi kuja zikhatho ndi m'kati mwa zikope mumayera, ndipo kumadza ndi malungo, njoka za m'mimba kapena kusowa kwa ayironi. Chidede ndi chomera chabwino, masamba ake ndi ndiwo, chakumwa chake n'chotsitsimutsa, koma kufiira kwa madzi ake sikusanduka magazi, ndipo m'kapu imeneyo mulibe zomanga thupi zoti n'kuwerengera. Madzi a masamba a mapeyala nawonso n'chimodzimodzi, ndipo kwa mwana wodwala amangodzaza mimba imene imafunika chakudya. Chammwamba ndi chosiyana, agogo, ndipo chimenecho ndikuchivomereza. Masamba ake akauma, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi ndi zomanga thupi, komanso muli ayironi ndi vitamini A. Koma supuni yaikulu ya ufa wake imapereka pafupifupi magalamu 2 okha, kutanthauza kuti ndi chothandizira, sichingalowe m'malo mwa nyemba, usipa kapena dzira. Muziumitsa masambawo pamthunzi, muziwathira m'phala kapena m'ndiwo zikatsala pang'ono kupsa, ndipo mizu ndi makungwa ake muzisiye, makamaka amayi oyembekezera. Ngati munthuyo watupa kale, chammwamba chidikire, ayambe wapita kuchipatala.

Chifukwa china chopitira kuchipatala n'chakuti mwana wotupa sapatsidwa chakudya chambiri nthawi imodzi, pakuti thupi lake lofookalo lingalephere kuchilandira. Amene wafooka kwambiri kapena akukana kudya amagonekedwa n'kuyamba ndi mkaka wapadera wa F-75 pang'onopang'ono, ndipo chiponde chimabwera pambuyo. Chiponde chimenecho ndi mankhwala a mwana wodwalayo, osati chogawana banja lonse kapena chogulitsa. Wodwala impso naye sangangodzithira soya ndi nyama mwakufuna kwake, chifukwa adokotala ndi amene amamuuza muyeso wake, ndipo kawirikawiri amamuchepetsera mchere.

Ndaona kuti dzuwa lakwera ndipo ena ayamba kuyang'ana kunjira, ndiye ndithamange. Phala la mwana likhale la mgaiwa, ndipo pokagayitsa sakanizani makapu 4 a chimanga ndi kapu imodzi ya soya wokazinga, monga amapangira Likuni Phala, kapena thiranimo nsinjiro za mtedza wosankha bwino ndi timafuta pang'ono. Yamwitsani bere lokha kwa miyezi 6, ndipo pitirizani kuyamwitsa mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira. Pa magulu 6 a zakudya aja, gulu la nyemba ndi la nyama asamasowe tsiku lonse, ngakhale kakhale kausipa ka m'dzanja. Mukakolola, patulani soya, mtedza ndi nandolo za pakhomo mavenda asanafike ndi masikelo awo. Ana alandire mankhwala a njoka za m'mimba, ndipo abambo a kachasu amene mimba yayamba kukula mapazi n'kumatupa akayezetse chiwindi. Aliyense amene chala chasiya kadzenje pamapazi ake onse awiri apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Lachinayi kuli sikelo ya ana pansi pa mtengo womwe uno, ndipo ndidzabwera ndi kalamba koyezera mkono. Mubwere ndi ana onse osakwana zaka 5 pamodzi ndi mabuku awo a kuchipatala, ngakhale amene akuoneka onenepa. Afumu, ndabweza mawu kwa inu.