Amayi, mphakayo sanatumidwe ndi munthu

Amayi, mwaswera bwanji kumeneko? Ine ndangoweruka kumene, kuno ku Joni kukuzizira zedi. Achemwali andiuza kuti sabata yonseyi simukugona chifukwa cha mphaka uja, komanso kuti ena pa Matawale pomwepo ayamba kunong'ona zoti watumidwa. Chonde amayi, musakataye ndalama kwa asing'anga. Ndi yemwe uja tinamutenga ali kamwana kuti azitithandiza makoswe pa matumba a chimanga.

Mphaka amagona maola 12 mpaka 16 pa tsiku. Mukamamuona ali gone pakhonde masana onse, dziwani kuti akusunga mphamvu. Ntchito yake ndi ya chisisira ndi m'bandakucha, nthawi imene makoswe amatuluka. Maso aja amati ng'aa mukawaunika ndi tochi, mkati mwake muli kanthu kobweza kuwala ngati kalilole, ndiye amaona bwino pamene ife tikungofufuza ndi manja.

Tsono kulira ngati khanda kuja ndi nkhani ina. Wathuyo ndi wamkazi, wakula, akuitana amphongo. Zipolowe mumamva pamalata zija ndi amuna ake akulimbirana. Zimatha pafupifupi sabata, kenako pakapita masabata awiri kapena atatu ayambiranso. Akatenga bere, masabata 9 okha mudzapeza tiana kuseri kwa kabati. Achimwene apite naye kwa a vetenale akafunse zomutseka kuti asamabereke, abayitsiretu ndi katemera wa chiwewe. Ndalama yake nditumiza mwezi ukatha.

Pakadali pano, adzukulu anuwo madzulo amange kansanza kuchingwe azimuthamangitsa nako pabwalo mpaka atope. Akatero ndiye mumupatse chakudya, timatemba ta ku Chilwa tosathira mchere, inu mutatsala pang'ono kukagona. Akakhuta amadzinyambita n'kugona.

Koma apa ndiye ndikudziwa kuti mundivuta, amayi, chifukwa cha chifundo chanucho. Akamakanda chitseko 4 koloko m'mawa, musadzuke kukamupatsa kanthu. Mukadzuka kamodzi, basi mwamuphunzitsa, mawa abweranso nthawi yomweyo. Masiku oyamba alira kwambiri kuposa kale, inu ingofundani bulangete.

Iii, ndikanaiwala. Achemwali amati amupatse Panado kuti agone. Ayi ndithu, asayerekeze! Kwa mphaka ameneyo ndi poizoni, ngakhale kachidutswa kamapha.

Data ikutha. Mupereke moni kwa onse, ndiimba Lamlungu mukachoka kutchalitchi.